Pakadafunda Pano Pali ndi Batani

Chilala cha 2024 chidadzutsa mwambi umene ambiri tinkauyesa wongoopsezera ana. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse, mu March kampani ya ZESCO idayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku, ndipo pofika September, madzi a ku Kariba atatsikiratu, m'makomboni ambiri magetsi ankabwera maola atatu okha, mwinanso pakati pa usiku. Za zigayo, mafiriji ndi owotcherera zidalembedwa zambiri. Pali munthu mmodzi amene palibe adamulirira: mwini mpando wa batani, uja umagoneka msana ndi kukweza miyendo wokha, amene magetsi adamuthawa ali chagada mapazi ali m'mwamba. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Mwambiwu lero ukufotokoza bwino lomwe kapangidwe ka makina, kungoti mlandu wachoka kwa galu.

Tiyerekeze nyumba ina ku Natuseko, mu Kabwe. Bambo adapuma ntchito ya njanji, mawondo adayamba kudandaula, ndiye ana amene ali ku Lusaka ndi ku Kitwe asonkherana n'kuwagulira mpando woti azionerapo mpira. Mpandowo wayenda ulendo woposa umene mwiniwake adayendapo. Yambiri yotere imapangidwa ku China, imatsika sitima pa Dar es Salaam, imalowa pa Nakonde, imadutsa Kapiri Mposhi ndi Kabwe yemweyo osaima, kukafika m'sitolo ku Lusaka, kenako n'kubwereranso makilomita pafupifupi 140 pa kalole. Ukalowa m'nyumba aliyense amasisita chikopa chake ndi kuyesa batani. Palibe amagwada kuti asuzumire kunsi, chonsecho nkhani yonse ili kunsiko.

Kunsi kuli chimango chachitsulo, ndipo mbali zonse ziwiri kuli tizitsulo tafulati topingasana, tolumikizidwa ndi marivete, timene timatambasuka ndi kupindika. Tizitsuloti ndi timene timachititsa zinthu zitatu nthawi imodzi: popondera pamatuluka n'kukwera, pokhalira pamapendekeka pang'ono kuti munthu asatsetsereke, ndipo potsamira pamagona. Pa mipando ina pokhalira pamaseserekeranso kutsogolo, kuti mpando uthe kugona osagunda khoma ngakhale pabalaza pali popanikiza. Nzeru imeneyi siidayambe ndi magetsi. Mu 1928 asuweni awiri a ku Monroe, m'chigawo cha Michigan ku America, Edward Knabusch ndi Edwin Shoemaker, adapanga mpando wamatabwa wogona munthu akautsamira, ndipo m'menemo mudatuluka kampani ya La-Z-Boy. Kwa zaka zambiri injini ya mpando wotere inali munthu yemweyo. Ankakoka chogwirira cha pambali, masipuling'i n'kuponya popondera, ndipo akafuna kudzuka ankakankha ndi zidendene mpaka patsekeke. Amene adajiwa ngati galu uja pa mpando umenewo analidi ndi mlandu, chifukwa akadafuna akadadzuka.

Mpando wamagetsi uli ndi tizitsulo tomwe tija, koma m'malo mwa chogwirira adaikamo chipangizo chotchedwa actuator. Pa waya pali kabokosi kakuda kamene kamatsitsa mavolti 230 a pakhoma kufika pa mavolti 29. Magetsiwo amapita ku kamota kokwana m'dzanja, kozungulira maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Liwiro limenelo litapita lonse ku popondera, bambo aja akadakatera pa TV. Ndiye ku mapeto a mota kuli kachitsulo kopota kamene kamazunguza giya ya pulasitiki pang'onopang'ono, giyayo imazunguza bawuti yaitali, ndipo pa bawutiyo pali nati imene siizungulira koma imangoyenda kutsogolo kapena kumbuyo, ikukankha chitsulo cholumikiza mbali ziwiri za mpando. Liwiro latsika, mphamvu yakwera, kamota konyozeka kakunyamula munthu wa makilogalamu 100 osabuula. Kumapeto konse kuwiri kuli timaswichi timene timadula magetsi nati ikafika, kuti mota isapitirize kukankha chosakankhika.

Msampha uli pa bawutiyo. Mizere yake ndi yopendekeka pang'ono kwambiri, moti bawuti ikhoza kuyendetsa nati koma nati siingathe kuzunguza bawuti. Aliyense amene adasinthapo tayala amazidziwa: jeke ya galimoto imakwera ukamaipukusa, koma ukasiya siitsika, ngakhale galimoto yonse ikuikhalira. Akatswiri a makina amadziwa kuti bawuti yodzigwira yokha chotere imataya mphamvu yoposa theka pa kukhulana kwa zitsulo, ndipo amalolera dala kutayako kuti agule chinthu chimodzi, choti mpando uzikhala pomwe wausiya. Umakhaladi. Magetsi akazima, popondera sipatsika ngakhale mukankhe ndi zidendene zonse ziwiri, ndipo potsamira sipadzuka. Bambo a ku Natuseko atsala ndi njira zochepa, zonse zochotsa ulemu. Akhoza kugubudukira pa choikapo mkono ngati chiuno chilola. Akhoza kutsetserekera pa popondera, zimene kabuku ka mpando kamaletsa chifukwa tizitsulo tija timapindika ndipo mpando wonse ukhoza kugwera kutsogolo. Akhoza kuitana adzukulu awiri awakoke. Kapena akhoza kudikira. Ndipo popeza chakudza sichiimba ng'oma, nthawi imeneyo ndi imene apongozi amafika pakhomo ndi kuodira, mwininyumba n'kuwalonjera kuti "Mwaswera bwanji, lowani" mapazi atawaloza kumaso.

Katswiri wa makina adzakwiya, ndipo ali ndi mfundo. Adzati kudzigwira kwa bawuti si vuto ayi, ndi chitetezo. Ikadakhala yobwerera yokha, mpando ukadagwa nthawi iliyonse chala chachoka pa batani, kapena mota ikadayenera kumadya magetsi usiku wonse kuti ingogwira miyendo ya munthu wogona. Zimenezi ndi zoona ndipo sindikuzitsutsa. Koma katswiri yemweyo akudziwa kuti mabedi a m'chipatala amayendera chipangizo chamtundu womwewu, ndipo ambiri ali ndi chogwirira chimene namwino amakoka mtima wa wodwala ukaima, giya n'kumasuka, bedi n'kugona nthawi yomweyo popanda magetsi. Njira yomasulira ndi dzanja ilipo, ndi yodziwika, ndipo idayesedwa m'malo oopsa kuposa pabalaza. Pa mipando yambiri ya pabalaza sadaiikemo chifukwa imawonjezera mtengo, komanso chifukwa wojambula mpandowo amakhala kumene magetsi akazima theka la ola zimalembedwa m'nyuzipepala. Ganizo loti pakhoma pamakhala magetsi nthawi zonse ndi chiwalo cha mpandowo ngati mmene ilili bawuti, kungoti silioneka pa pepala lojambulapo makina, ndipo ndi chiwalo chokhacho chimene chimasweka mpando usanafike pa Nakonde.

Wina adzati nanga mabatire alipo bwanji. Alipodi, ndipo pano wotsutsayu wapambana pang'ono. Mipando ina, makamaka yothandiza okalamba kuimirira, ili ndi malo a mabatire awiri a mavolti 9 m'kabokosi kakuda kaja. Mabatirewo amakwanira kubweza mpando kamodzi kapena kawiri basi, chifukwa adawaganizira dziko limene magetsi amazima kamodzi pa chaka, osati kamodzi pa tsiku. Pali mabatire a lithium otchaja amene amagulitsidwa padera, koma nawonso ayenera kulimbirana soketi ndi mafoni a banja lonse pa maola atatu a pakati pa usiku aja, ndipo pa mpikisano umenewo mpando supambana. Chopweteka n'chakuti mphamvu imene ikufunika ndi yochepa mochititsa manyazi. Kabokosi kaja kamapereka mavolti 29 ndi maampu 2, kutanthauza mawati 58 mota ikamakoka kwambiri, ndipo kubweza mpando kumatenga masekondi ngati 15. Mukawerengera, batire ya foni yaikulu imasunga mphamvu yokwanira kuchita zimenezo maulendo oposa 50. Ndiye kuti bambo amene agwidwa pa mpando, foni ili m'thumba la malaya, anyamula mphamvu yowamasula kwa masabata angapo, koma palibe adaganiza zopanga njira yoti ifike ku mota. Mota zimenezi zimayendanso ndi mavolti 24, amene mabatire awiri a njinga yamoto olumikizidwa motsatana amapereka, ndipo mmisiri wa zamagetsi wa pamsika akhoza kuimvetsa nkhaniyi asanamalize botolo la maheu. Akhozanso kukuuzani kuti chimene chimapha timabokosi takuda nthawi zambiri si kuzima kwa magetsi koma kubwera kwake, pamene amalowa mwaukali n'kupsereza chilichonse chimene chidasiyidwa pa soketi.

Palinso galu weniweni, wa miyendo inayi. Kunsi kwa mpando wotambasuka kuli mdima, kuli bata, ndipo kabokosi kakuda kamafunda. Mphaka, kagalu ndi mwana wokwawa onse amapakonda. Timabuku ta mipandoyi timachenjeza kuti ana ndi ziweto asayandikire pamene mpando ukuyenda, chifukwa mota siimva kuti yakumana ndi chiyani; pa mpando wa chogwirira mwendo wa munthu umamva chofewa n'kuima, koma nati ya pa bawuti imangopitiriza ulendo mpaka pa swichi. Opanga ena adalithetsa vutoli mwanzeru popanga actuator yokankha kokha, yosakoka, kotero kuti potseka popondera pamatsika ndi kulemera kwake ndi masipuling'i, ndipo pakakhala chinthu pansi pamangoima. Funsani wogulitsa ngati mpando wake uli wotero. Adzakuonetsani poika kapu ndi pobaya waya wa foni. Sadzakuonetsaninso kapepala komatidwa pa mota kamene kamanena kuti igwire ntchito mphindi 2 n'kupuma mphindi 18, lamulo limene mwachionekere adalemba munthu wopanda adzukulu.

Kutsutsa kolimba kwambiri ndi kwa amene adzati zonsezi ndi mavuto a okhuta. Mu Kabwe, mmene mgodi umene udatsekedwa mu 1994 udasiya mtovu m'dothi la Kasanda, Makululu ndi Chowa, mmene ometa ndi owotcherera ankagwira ntchito usiku kutsatira magetsi, ndani ali ndi nthawi yolirira munthu wogwidwa ndi sofa? Ndikuvomereza kuti pa mndandanda wa mavuto a tauniyi mpando uli kumunsi. Koma taonani amene amaufunadi. Bent Jensen, wa kampani ya LINAK ku Denmark, adapanga actuator yake yoyamba cha mu 1979 pofuna kuthandiza mnzake woyendera njinga ya olumala. Chipangizochi chidabadwira kwa anthu amene thupi lawakana, kwa aulesi chidangopita kukacheza. Mpando wa mtundu wokweza umapendekera kutsogolo n'kumuimiritsa munthu, ndipo kwa mayi amene adafa ziwalo mbali imodzi, kapena bambo amene nyamakazi idamanga mawondo, umatanthauza kupita kuchimbudzi osaitana mpongozi. Umatanthauzanso kukweza miyendo yotupa osadikira wina aike mitsamiro. Munthu ameneyu ndi yemwe sangagubuduke pa choikapo mkono, ndipo ndi yemwe amasiyidwa yekha masana ena onse atapita kukasaka ndalama. Kwa iyeyu mwambi uja ukulakwa. Sadakhale pofunda chifukwa chokonda kufunda, ndipo ana amene adamugulira mpando sadachite zachibwana. Maola 21 pa mpando wosatsika si nthabwalanso kwa munthu wotere.

Sitinganenenso kuti Kabwe ndi mlendo pa zamagetsi kapena pa zazitsulo. Damu la Mulungushi lidayamba kupereka magetsi ku mgodi uja, wa Broken Hill, mu 1925, zaka zoposa 30 khoma la Kariba lisanamalizidwe mu 1959, ndipo likulu la njanji za dziko lino lili m'tauni yomweyi. Tauni imene idalera amisiri okonza mainjini a sitima ikhoza kufunsa funso limodzi kwa aliyense woitanitsa mipando: magetsi akazima, munthu atsika bwanji? Yankho likhoza kukhala chogwirira chomasula giya, likhoza kukhala batire yotchaja yobwera pamodzi ndi mpando, likhozanso kukhala kubwerera ku mpando wa chogwirira kwa amene miyendo idakali yolimba. Lililonse la mayankhowa limaposa kapu ndi waya wa foni.

Pamene oitanitsa akuganizira, wogula ali ndi mayeso ake osalipira. M'sitolo ku Lusaka, khalani pa mpandowo, dinani batani mpaka mugone ndithu, kenako muuze wogulitsa kuti, "Achimwene, tazulaniko waya pakhomapo." Akazula n'kukuonetsani njira yotsikira, gulani. Akayamba kufotokoza za waranti, inu musavutike kudzuka, simungathenso. Yambani kukambirana mtengo muli pomwepo, makamaka ngati nthawi yotseka sitolo yayandikira ndipo makasitomala ena ayamba kuima n'kumaonerera.