Oweruza Anabedwa, Mlandu Ulipobe

Usiku wa pa 10 Epulo 1934, wakuba analowa m'tchalitchi chachikulu cha St Bavo ku Ghent, m'dziko la Belgium, n'kuzula mbali ziwiri za chithunzi cha paguwa chimene anachimwene a Van Eyck anajambula, chomwe chinatha mu 1432. Ina inali ya Yohane M'batizi, ina ya Oweruza Olungama. Yohane anamubweza, atamusiya kosungira katundu pasiteshoni ya sitima ku Brussels ngati chikwama choiwalika. Koma Oweruza ayi: bishopu apereke kaye mafranki 1 miliyoni.

Chaka chomwecho Arsène Goedertier, wabizinesi komanso Mkatolika wodziwika, ali kayakaya, ananong'oneza loya wake kuti ndi iye yekha amene akudziwa kumene kuli Oweruzawo. Kenako n'kutsirizika. Abambo inu, kungotchula malowo kunavuta pati?

Chiyambire pamenepo, aliyense amene ali ndi fosholo komanso nthawi yotaya amadziyesa wapolisi wofufuza milandu. Mu 2018 meya wa ku Ghent anachita kuchonderera anthu kuti asakumbe bwalo la Kalandeberg pofunafuna Oweruzawo. M'tchalitchimo Oweruza amene alipo ndi ongokopera, a mu 1945, ndipo alendo amawagwedezera mutu mwaulemu wonse.