BP ya m'minda ya tiyi

Ku Honde Valley ndi ku Chipinge, komwe abale athu akhala akuthyola tiyi kuyambira kalekale, makomo ena kwafika mlendo: kamakina koyezera BP, kotumizidwa ndi ana a ku Joni. Kamakinako n'kabwino, koma malamulo ake! Akuti mphindi 30 musanayeze, osamwa tiyi kapena khofi, osasuta fodya. Kuuza munthu wa kuminda ya tiyi ya Ratelshoek kapena Aberfoyle kuti tiyi ayambe wadikira, ndiye kuti BP mwaikweza kale.

Akutinso yambani mwataya madzi, kenako khalani phee mphindi 5, msana utatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Mukayeza mutangotula dengu kuchokera kuphiri, makinawo anena za phirilo, osati za inu. Lamulo lovutitsitsa n'loti osayankhula. Nanga mnansi akati "odi", agogo angokhala duu? Malonje onse amakathera m'manambala.

Komabe yezani m'mawa ndi madzulo, muzilemba. Manambala akamakakamira pa 135/85 kapena kuposa apo, thamangirani kuchipatala ku Hauna kapena ku Chipinge. Musamangonamizira mabatire.