Bowa wa mano

Chimene chinandilakwitsa ndi pakamwa. Agogo ena achizungu oyandikana nawo nyumba kuno ku Perth, ku Scotland, atanena kuti Loweruka akupita kunkhalango kukazula bowa, ine ndinadziguguda pachifuwa. "Agogo, bowa ndi ife. Kwathu ku Dedza mwana amadziwa utale, manyame ndi ndelema asanadziwe dzina la bambo ake." Mayi a kunyumba anangotsokomola. Iwo amadziwa kuti kumudzi ankazula bowa ndi amayi ndi alongo anga. Ine ntchito yanga inkayambira posamba m'manja.

Tsikulo linafika, mu Okutobala, kamvula kakuwaza ndipo mphepo ikuluma makutu. Tinalowa m'nkhalango ya paini. Kuno lamulo la 2003 limalola munthu kuyenda m'malo a eni ake bola asawononge kanthu, koma ine amene ndinakwapulidwapo chifukwa cha mango a mwini, ndinkangocheuka.

Ola loyamba ndinalithera posaka chulu, poti utale sutalikirana ndi chiswe. Agogo atandifunsa chimene ndikufuna, anaseka mpaka kutsamira mtengo. M'dziko muno mulibe chiswe cha kutchire.

Kenako mwayi unandimwetulira: bowa woyera mbee, wamtali, wokhala ndi kathumba kutsinde. "Ndelema!" ndinafuula, mtima uli kale pa nsima. Agogo aja, amene poyenda amachita kukoka mwendo, anafika ngati mphenzi n'kundimenya dzanja ndi ndodo yawo. Ati umenewo ndi Amanita virosa, mngelo wowononga. Ukaudya umakhala bwinobwino kwa maola angapo, n'kumayamikira wophika, pamene chiwindi chayamba kale kulongedza katundu. Ndi pachibale ndi ndelema yathu, inde, koma ndi m'bale wa mtundu uja amene sumusiyira mwana.

"Ndimangokuyesani, agogo," ndinatero. Sanandiyankhe.

Patsogolo pang'ono anagwada n'kukankha ndere ndi chala. Panatulukira kabowa kotuwira, kachikasu pang'ono ngati buledi wosapsa bwino, chipewa chake chokhotakhota. Anakatembenuza. Abale, kunsi kwake kulibe mizere ija timaidziwa. Kuli mano! Timinga tofewa tambirimbiri tolendewera, tothina ngati msana wa kanungu, ndipo dzina lake lachingerezi linachokera kwa kanyama komweko. Afalansa amautcha phazi la nkhosa. Carl Linnaeus anaulemba mu 1753 kuti Hydnum repandum. Anthu atatu, maina atatu, ine katswiri wa ku Dedza ndili kukamwa yasa.

Agogo anati bowa ameneyu salimidwa, chifukwa amakhala mogwirana ndi mizu ya mitengo, mtengo kumupatsa chakudya, iye kuuthandiza kumwa madzi ndi mchere wa m'nthaka. Mphutsi sizimukonda kwenikweni. Anawonjeza kuti chifukwa cha manowo ndi wovuta kumusokoneza ndi bowa wakupha, choncho ndi woyenera anthu ophunzira kumene. Mawu omalizawo anawanena akundiyang'ana.

Ukapeza mmodzi, anzake amakhala pafupi, atandandalika mumzere pansi pa masamba. Apa ndiye ndinabwezera ulemu wanga. Agogo ankatola ting'onoting'ono, ine ndinkasankha zikuluzikulu zonga mbale ya ndiwo, ndikuwamvera chisoni kuti maso awo atha. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, kenako anangotseka.

Kunyumba ndinalanda khitchini. Anyezi, tomato, supuni ziwiri za chiponde poti nsinjiro kuno n'zosowa. Mano aja sindinawapale, ndiye anayoyokera mumphika n'kumayandama mumsuzi ngati timphutsi toyera. Ana anasuzumira kamodzi n'kupempha buledi.

"Bambo a Chisomo, muyambe ndinu," anatero mayi, atakhala patali, foni ili m'manja, 999 atalemba kale.

Ndinatema mbamu, kusunsa, kuponya m'kamwa. Kuwawa kwake ngati ndatafuna tsamba la nimu. Ndi pamene ndinamvetsa chimene agogo anameza kunkhalango kuja: bowa ameneyu akakalamba amawawa.

"Zili bwanji?"

"Ngati kumudzi," ndinayankha, misozi ili m'maso.

Mayi anati ndikuoneka kuti ndasowa kwathu kwambiri, n'kundiwonjezera chipande china.