Ndinu Ndani Pakhomo?

Padangokhala Mvuu, mwini nkhokwe za usipa wouma ku Metangula, ku Messumba ndi ku Cóbuè. Nyama zonse za m'mbali mwa nyanja zinkasungitsa matumba awo kwa iye, aliyense chipinda chake. Mvuu anagula kompyuta ku Lichinga, nailumikiza ku mafoni a alonda ake, onse afisi. M'kompyutamo munali mndandanda wa ololedwa kulowa.

Kamba anati, "Bwana, mwini chipinda mumupatse kiyi wake. Akatuma mnzake, azimubwereka kiyiyo. Mlonda aziona kiyi, dzina alisiye."

Mvuu anaseka mpaka makutu kugwedera. "Zamakedzana izo, agogo. Ife tili ndi mndandanda."

Tsono Ng'ona ndiye ankayendetsa boti, kunyamulira aliyense katundu, motero dzina lake linkatsegula zipinda zonse. Kalulu anali ndi chipinda 3, momwe munali dengu lobooka basi. Chipinda 9 chinali cha Njovu, chodzaza mpaka kudenga.

Mwera utaleka, Kalulu anatsikira kudooko. "Achimwene, mukanditengereko matumba awiri m'chipinda 9. Nayi ya mafuta."

Ng'ona anakocheza ku Cóbuè.

"Ndinu ndani?"

"Ndine Ng'ona."

Fisi anafunsa foni, foni inafunsa kompyuta, kompyuta inati dzina lilimo. Chitseko chinatseguka. Wakutumani ndani, palibe anafunsa.

Njovu atawerenga matumba, analira mpaka anamumva ku Likoma. Mvuu analamula kuti olowa azionetsanso chithunzi.

Kalulu anatsikiranso kudooko. "Achimwene, matumba anayi."

"Ndinu ndani?"

"Ndine Ng'ona. Chithunzi nachi."

Fisi anafunsa foni, foni inafunsa kompyuta, chitseko chinatseguka.

Mvuu anawonjezera chidindo cha chala. Ng'ona anapukuta chala chake chonyowa pamalaya, nachidinda pagalasi la foni, mamba a usipa atamatirira pamenepo. Chinali chala chake ndithu. Ng'ona sananamepo ngakhale kamodzi, ndipo madzulo ankagona mtima uli m'malo, podziwa kuti wathandiza mnzake.

Mvuu anathamangitsa fisi wa ku Cóbuè, nalemba wina wamawu aakulu. Kamba atatchulanso za kiyi, Mvuu anamuuza kuti akaothere dzuwa.

Kenaka anaitanitsa msonkhano pansi pa mlambe. "Ndani pano amene chipinda chake sichinasowepo kanthu?"

Kalulu anakweza dzanja mwaulemu.

Tsiku lomwelo anamuika kukhala mlangizi wa chitetezo, malipiro ake thumba limodzi pamwezi. Langizo lake loyamba linali lakuti mlonda azifunsanso dzina la agogo ake a Ng'ona.