Zilolezo Zomangira Nyumba ya Lendi

Kumanga nyumba ya lendi m'mizinda ya Malawi kuli ndi ndondomeko yake: munthu apeze malo, awayezetse, ajambulitse pulani, alandire chilolezo, kenaka akumbe maziko. Munthu wamba, mtundu womwe mlembi wa nkhani ino adabadwiramo, amatsatira ndondomeko yomweyi mokhulupirika, kungoti amayambira kumapeto.

Choyamba ndi malo. M'tauni ploti yodalirika imachokera ku Unduna wa za Malo, ku khonsolo ya mzinda kapena ku Malawi Housing Corporation, ndipo kawirikawiri imabwera pa lizi ya zaka 99. Kumidzi, malamulo a 2016 adakhazikitsa makomiti a malo kuti nkhaniyi isamathere m'manja mwa mfumu yokha. Munthu wamba zonsezi amaziona kuchedwa, choncho amapita kwa dobadoba. Dobadoba ndi bambo wovala jekete ngakhale mu Okutobala, amene amaloza malire ndi kiyi wa galimoto yomwe palibe adaionapo. Malirewo amayambira pa mtengo wa mango n'kukathera pachulu. Umboni wa malonda ndi pepala lothothola m'kope la mwana wasukulu, losainidwa ndi mboni ziwiri, zonse alamu ake a wogulitsa. Onse amene adagulitsidwa ploti yomweyo amadziwana bwinobwino tsiku lomwe aliyense wabwera ndi lole yake ya mchenga.

Malire ovomerezeka amaika ndi akatswiri oyeza malo, ndipo chizindikiro chake ndi bikoni. Kusuntha bikoni ndi mlandu. Komabe m'madera ena mabikoni amayenda okha usiku, nthawi zonse molowera kwa neba amene ali ku Joni.

Chachiwiri ndi pulani. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti munthu apeze chilolezo asanamange. Ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba pulani imaperekedwa ku khonsolo, limodzi ndi ndalama yoiunikira. Akuluakulu amaona ngati deralo ndi la nyumba zogona kapena la malonda, mtunda wochokera kumsewu, podzera madzi a mvula ndi podzakumba dzenje la chimbudzi. Munthu wamba pulani ali nayo, koma imakhala m'mutu mwa mmisiri wake. Mmisiriyo amaijambula padothi ndi chala chakuphazi, mwini wake n'kuvomereza ndi mutu, komiti yatha basi. Tsiku lomwe mmisiri wasowa ndi matumba a simenti, pulani imapita naye. Wobwera pambuyo pake amayamba ndi kunyoza ntchito ya mnzake, kenaka amapitiriza ndi pulani ya m'mutu mwake. Umu ndi momwe zimabadwira nyumba zomwe khomo la bafa limayang'anizana ndi tebulo lodyera. Ya mlembi ili ndi windo loyang'ana khoma la mpanda, ndipo iye amauza alendo kuti adachita dala poopa akuba.

Makontrakitala amayenera kulembetsa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga. Mmisiri wa munthu wamba adavomerezedwa ndi apongozi, omwe adamuona akumanga khola la nkhumba lolimba kwambiri.

Pali malo omwe chilolezo sichingatuluke ngakhale munthu atagwada: m'malire a msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM, m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malo otsetsereka a m'mapiri. Apa nthabwala palibe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche, zomwe zidakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Nyumba yomangidwa popanda chilolezo khonsolo ili ndi mphamvu yoiimitsa ngakhale kuigwetsa, ndipo chenjezo lake nthawi zambiri ndi chizindikiro cha penti yofiira pakhoma. Munthu wamba amayankha ndi laimu. Makoma ena amapentedwa koyamba tsiku limenelo.

Nyumba ikangokhomedwa malata, munthu wamba amasintha kayendedwe n'kuyamba kutchedwa alandilodi. Ulemuwu uli ndi ngongole zake zitatu. Mwini malo a lizi amafuna lendi ya nthaka chaka ndi chaka, khonsolo imafuna msonkho wa nyumba, ndipo MRA imawerengera ndalama ya lendi ngati phindu loyenera kudulidwa msonkho. Alandilodi, omwe amagogoda pakhomo pa tenanti m'mamawa wa pa 1, amadabwa kwambiri kumva kuti nawonso ali ndi owagogodera.

Chomaliza ndi chikalata chotsimikiza kuti nyumba yatha ndipo anthu angalowemo, chomwe khonsolo imapereka itayendera nyumbayo. Munthu wamba sachifunsa. Matenanti ake amalowa mawindo ali otseka ndi makatoni, ndipo lendi ya miyezi itatu yoyamba ndi yomwe imagula zitseko.