Kalata Yochokera ku Joni: Za Ulendo Wanga ndi Galu wa Adona

Randburg,
Johannesburg.

Okondedwa Malume,

Ndagwada pansi ndi kuomba m'manja monga mwa mwambo wa kwathu, kufuna kumva za moyo wanu, wa amayi kunyumbako, ndi wa mbumba yonse ya ku Wimbe. Ine kuno Chauta akundisungabe, ndipo ntchito ikuyenda, ngakhale kuti kufikira lero mtima wanga sunavomereze kuti munthu wobadwira pakati pa zigafa za fodya azithirira udzu m'mawa ndi madzulo kuti umere, kenaka n'kuumwetanso Loweruka.

Inu amene munabwera kuno ndi Wenela, ndege ija isanagwe ku Francistown mu 1974 ndi kuchititsa Ngwazi kutseka njira ya ku migodi, munkatisimbira pamoto usiku za kutsika m'mimba mwa dziko kukakumba golide, za zipewa za nyali pamphumi, ndi za chilankhulo cha Fanakalo chimene munkakalipirana nacho. Koma m'nkhani zanu zonse sindikumbuka kuti munatchulapo za munthu wolipirira galu mpando m'galimoto. Ichi chandigwera ine mphwanu, ndipo ndati ndikuuzeni ndekha mphepo isanakufikitsireni nkhaniyi itapindika.

Adona anga ali ndi kagalu koyera kaubweya ngati thonje, kamene dzina lake likutanthauza bisiketi. Musakayerekeze ndi Sakhuta wanu uja, amene amadya mkute ndi nkhoko za mumphika, nagona paphulusa, nathamangitsa akalulu kudambo popanda womuthokoza. Aka kali ndi bedi lake, bulangete lake, juzi ya m'nyengo yozizira, ndi chakudya chake cha m'thumba chimene mtengo wake ndikakuuzani mungathe kudwala mutu. Tsono tsiku lina adonawo ali ku Cape Town anandiimbira foni nati tsiku la katemera wa chiwewe lakwana, ndipo popeza galimoto anali atalisiya kokonzetsa, ndione ndekha njira yokafikitsira kagaluko kwa dokotala wa ziweto. Ndinayankha kuti palibe vuto, pakuti wantchito wanzeru sanena kuti sindidziwa, amakadziwira m'njira.

Poyamba ndinaganiza za sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010 pa nthawi ya mpira wa dziko lonse. Koma m'sitima imeneyo ngakhale kudya kapena kutafuna chingamu n'koletsedwa, ndipo galu wololedwamo ndi wotsogolera anthu osaona yekha. Ndinalingalira pang'ono zotsinzina maso ndi kugwira ndodo, koma ndinakumbukira kuti ndinabatizidwa, ndiponso kuti kagalu aka sikangatsogolere munthu kwina kulikonse koposa kukhitchini. Choncho ndinakalowetsa m'chikwama cha adona, mutu wokha uli kunja, n'kukaima pamsewu kudikira minibasi, imene kuno amaitcha tekisi.

Dziwani, Malume, kuti kuno kulibe kondakitala wofuula dzina la kumene galimoto likupita monga achitira pa depoti ya ku Kasungu. Munthu amalankhula ndi zala: ukaloza chala kumwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, ukaloza pansi ndiye kuti ukutsika chapafupi. Ine dzanja limodzi linali pachikwama, lina likubweza mutu wa galu umene unkangotuluka ngati wa kamba, kotero kuti matekisi atatu anandidutsa, madalaivala akundiyang'ana ngati munthu woyenda ndi zithumwa masana. Yachinayi inaima, Toyota Quantum yoyera, ndipo mpando wotsala unali wakutsogolo pafupi ndi dalaivala.

Dalaivalayo anayang'ana ine, nayang'ana chikwama, natulutsa liwu limodzi lokha la Chizulu, inja, ndiko kuti galu. Ndipo liwu limenelo linayenda mpando ndi mpando kufikira kumbuyo monga uthenga wa maliro uyendera m'mudzi. Panabuka mlandu woposa wa pabwalo la mfumu. Mayi wina wovala yunifolomu ya mpingo anati iye sanachape zovala zake kuti akhale ndi nyama. Mnyamata wina anati tekisi si chingalawa cha Nowa. Koma gogo wina wachifundo anati galu amene wavala juzi salinso galu wamba, ayenera kuti ndi wa banja labwino. Pomaliza chigamulo chinagwa chakuti galu akwere, koma alipire ngati munthu wamkulu. Akuluakulu anati ukapeza anzako akukazinga maso nawenso kazinga ako. Ndinalipira ya anthu awiri, ndipo galuyo anakhalabe pamiyendo panga, mpando umene ndinamulipirirawo sindinauone.

Chimene sindinachiganizire ndi chakuti wokhala kutsogolo ndiye msungichuma. Ndalama zonse za okwera zimachokera kumbuyo, dzanja ndi dzanja, kudzathera kwa iye, ndipo iyeyo ndiye awerengere ndi kubweza chenje, dalaivala akungoyendetsa ndi kuliza hutala. Taganizani mphwanu, amene masamu anamuthawitsa sukulu, akulandira marandi kuchokera uku ndi uku, wina akufuula kuti talipira atatu, wina kuti chenje changa chili kuti, galimoto likukhota ngati likuthawa njovu za ku Lifupa, ndipo galu, amene moyo wake wonse anazolowera mpando wofewa wa adona, akulira mokweza ngati wafedwa. Thukuta limene ndinatuluka pamenepo sindinalitulukepo ngakhale posoka fodya mwezi wa February.

Ndili mkati mowerenga, kagaluko kanamva fungo. Bambo wina kumbuyo kwanga anali ndi magwinya m'pepala, ndiwo mandasi a kuno, ndipo asanazindikire chimene chikuchitika, limodzi linali litapita. Kagalu kamene kunyumba kamakana nyama ikapanda kudulidwa bwino kanameza ndasi lonse osatafuna, n'kuyang'ana mwini wake ndi maso oyera ngati a mwana wa kwaya. Tekisi yonse inafa ndi phwete, ngakhale mayi wa yunifolomu uja, kupatula mwini magwinya, amene ndinam'lipira ndi kum'pepesa m'zilankhulo zitatu. Titafika pa maloboti amene ndinayenera kutsikira, dalaivala anatsanzika galuyo mwaulemu, ine osandiyang'ana n'komwe.

Za kwa dokotala ndingonena mwachidule, chifukwa zinandikhudza mtima. Anam'yeza pasikelo monga tichitira ndi mabelo ku Chinkhoma, anam'baya jakisoni akum'nyengerera, ndipo anadinda kabuku kake ka katemera. Anandionetsanso kuti pansi pa khungu lake pali kachipangizo kofanana ndi njere ya mpunga, kamene akakapima ndi makina kamanena kwawo kwa galuyo. Ndinaima pamenepo ndikulingalira kuti ine, amene ndinadutsa Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge ndili ndi mtima m'mwamba, ndipo ndikaona galimoto la apolisi ndimayamba kupapasa m'thumba, ndaposedwa mapepala ndi kanyama kakuba mandasi.

Pobwerera sindinafune kuyesanso Mulungu kawiri. Ndinakumbukira kuti Ngwazi, mwana wa kwathu konkuno ku Kasungu, amati anafika ku Joni wapansi, ndipo ndinati ngati iye anatha, ine sindingalephere kubwerera ku Randburg. Galuyo anayenda pang'ono n'kukhala pansi, ndipo njira yonse yotsala ndinam'nyamula pachifuwa ngati khanda, anthu akundipatsa moni wachisoni.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa mnyamata wa basi ya Lachisanu. Mugulireko feteleza, ndipo yotsala mupite nayo ndi Sakhuta kwa alangizi a ziweto akam'baye katemera wa chiwewe, koma apite ndi miyendo yake. Chonde nkhani iyi isafike kwa apongozi anga, pakuti iwo akudziwa kuti kuno ndine kapitawo.

Ndine mphwanu wokukumbukirani masiku onse,
Mwana wa mlongo wanu.