Mawu a Azungu Akoma Akagonera

Mu Marichi 2025 boma la Donald Trump linauza antchito a wailesi ya Voice of America (VOA) kuti ayambe akhala kunyumba, ndipo pulogalamu yophunzitsa Chingerezi ya Learning English, yomwe inayamba mu 1959 ndi dzina la Special English, inasiya kutulutsa maphunziro atsopano. Ku Washington kunali phokoso mpaka m'makhoti. Ku Lifuwu palibe anasowa nazo tulo, pakuti ophunzira Chingerezi pa foni kuno anazolowera kale kumvera zogona. Akuluakulu akale ponena mwambi wakuti mawu awo akoma akagonera, kaya ankalosera za memori khadi.

Taonani mnyamata wa Fomu 4, amene akudziwa kuti akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE sadzaiona. Bandulo ya masana sangaikwanitse, ndiye amadikira ya usiku. Pakati pa usiku, nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja, iye ali chilili kuseri kwa nyumba pomwe netiweki imagwira, kutsitsa 6 Minute English ya BBC: anthu awiri kucheza mphindi 6, funso koyambirira, yankho kumapeto, ndi timawu tatsopano pakatipo. Sangamvere nthawi yomweyo, tulo tili m'maso ndipo batire latsala pang'ono. Mawuwo amagona m'foni. Amakawadzutsa m'mawa kusikimu ya mpunga, mahedifoni kukhutu, uku akuingitsa mbalame.

Ulendo woyamba samvapo kanthu kupatula moni ndi kuseka. Nthabwala yake yamudutsa, koma naye amaseka kuti asaoneke wotsalira, ngakhale omuona ndi mpheta zokha. Vuto si umbuli. Aphunzitsi ake amatchula liwu lililonse bwinobwino kuti akumbuyo amve, pomwe anthu a ku London amameza zilembo n'kumata mawu atatu kukhala amodzi. Mawa lake, pobwereza phunziro lomwelo, mawu omatana aja amayamba kulekana. Pofika Lachisanu akutha kunena yankho muulutsi asanalinene. Zili ngati mkute wa mpunga wa kilombero, womwe umaposa wa dzulo pakukoma, bola usasase.

A VOA anaidziwa kale nzeruyi: ankawerenga nkhani pang'onopang'ono ndi mawu osankhidwa pafupifupi 1,500 okha. Phunziro lotere silitha ntchito chifukwa choti mwini wake watsekeredwa ofesi. Amene analisunga amangotumizira mnzake pa Bluetooth, kapena kukalisiya kobenera nyimbo kuti lizikwera limodzi ndi nyimbo za kwaya.

Mlembi uno akuganiza kuti mnyamata wa maphunziro asanu m'foni amapindula kuposa mnzake wa ku Area 47 ku Lilongwe amene Wi-Fi siimuthera. Wa m'tauni amatsegula LearnEnglish ya British Council, komwe zomvera anazisanja kuyambira A1 mpaka C1, n'kumverako theka. Kenaka YouTube yamuitana, kenaka TikTok, ndipo dzuwa limalowa osabwereza ndi chimodzi chomwe. Uku si kutamanda umphawi, ayi. Mwana wa ku Lifuwu akanakonda intaneti yotchipa masana, ndipo ndi yomuyenera. Kungoti kusowako kwamukakamiza kuchita chomwe aphunzitsi a zilankhulo amalangiza: kumvera chinthu chimodzi kambirimbiri mpaka khutu lizolowere.

Koma ena mwambiwu anaupitirira nawo. Anamva kuti Chingerezi chimalowa munthu ali m'tulo, ndiye amagona mahedifoni ali kukhutu, mzungu n'kumalankhula yekha mu neti ya udzudzu mpaka tambala kulira. Kukacha khutu likuwawa, waya wakulunga khosi, foni yazima, ndipo ndalama ya mandasi ikukathera kotchajitsa kwa ometa tsitsi. Akatswiri ofufuza za tulo amavomereza kuti kugona kumakhazikitsa m'mutu zomwe munthu waphunzira ali maso. Galamala yolowera m'nkonono sanaipeze.

Pomwe mwambiwu umagweratu ndi pamayeso a IELTS, omwe anamwino ofuna ntchito ku United Kingdom amawadziwa bwino. M'gawo lomvera muli mafunso 40, kumvera kwa mphindi pafupifupi 30, ndipo mawu amadutsa kamodzi kokha. Palibe kugonera. Chimodzimodzinso ku Senga Bay: mlendo wofunsa njira alibe batani lobwezera m'mbuyo, ndipo mwina ndi wa ku Glasgow kapena Munich, Chingerezi chake chosiyana kutalitali ndi cha pa BBC. Mnyamata wathu amagwedeza mutu mwaulemu, n'kudzamvetsa funsolo m'mawa mwake, mlendo ali kale pa msewu wa M14. Mankhwala ake alipo, tsamba la ELLLO, lomwe linajambula anthu a m'maiko osiyanasiyana aliyense ndi lilime la kwawo, koma nalonso likufuna bandulo ina ya usiku.

Mnzake wogulitsa ziboliboli, amene sanatsitsepo phunziro ndi limodzi lomwe, sachita manyazi. Amangouza mzunguyo kuti abwereze pang'onopang'ono, mzungu n'kubwereza, n'kuchoka atagula mvuu yosema pa mtengo wa mbuzi yamoyo.